Malasha ndi madoko ndizo zinagonjetsa Spain pa nkhondo ya zilumba za Chincha

Pa 14 Epulo 1864, sitima zankhondo za Spain zotsogozedwa ndi Luis Hernández Pinzón zinalanda zilumba za Chincha, kufupi ndi gombe la Peru. Zilumbazi n'zazing'ono ndiponso zamiyala yokhayokha, koma zinali zitakutidwa ndi milu ya zitosi za mbalame za m'nyanja zimene zinaunjikana kwa zaka mazanamazana chifukwa mvula sigwa kwenikweni kumeneko. Alimi a ku Ulaya ankazigula ngati feteleza, ndipo ndalama zoposa theka zimene boma la Peru linkapeza zinkachokera ku malonda amenewa. Okumba zitosizo ambiri anali amuna ochokera ku China, omangidwa ndi mapangano osasiyana kwenikweni ndi ukapolo, amene ankatsamwa ndi fumbi loyabwa m'maso kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Spain inkati ikufuna chilungamo pa imfa ya nzika yake imene inaphedwa pa mkangano wa pa munda wa Talambo ku Peru mu 1863. Ine chifukwa chimenechi sindichikhulupirira, pakuti dzikoli linali lisanavomereze kuti Peru ndi dziko lodzilamulira, ndipo nthumwi imene linatumiza ku Lima, likulu la Peru, inabwera ndi udindo umene kale unkaperekedwa kwa akuluakulu oyendera madera olamulidwa ndi atsamunda. Pulezidenti wa Peru, Juan Antonio Pezet, anagonja, ndipo mu Januwale 1865 boma lake linavomera kulipira mapeso 3 miliyoni. Anthu a ku Peru anaona kuti achititsidwa manyazi, anamuukira, ndipo chisanathe chaka mpando unali m'manja mwa Mariano Ignacio Prado.

Dziko limene ndimalipatsa ulemu waukulu pa nkhaniyi ndi Chile. Zilumbazo sizinali zake, zitosizo sizinali zake, komabe linakana kugulitsa malasha kwa sitima za Spain, podziwa kuti mnzako akapsa ndevu umamuzimira. Mkulu wa asilikali apamadzi a Spain, José Manuel Pareja, atalamula kuti Chile ipepese poomba mizinga ka 21 kulemekeza mbendera ya Spain, Chile inakana ndipo inalengeza nkhondo mu Seputembala 1865. Pa 26 Novembala, sitima ya Chile yotchedwa Esmeralda inagwira sitima ya Spain, Covadonga, kufupi ndi Papudo, pa gombe la Chile, ndipo Pareja atamva zimenezi anadzipha.

Anthu ambiri akamakamba za nkhondoyi amathamangira ku mizinga, koma ine ndimaona kuti nkhani yagona pa malasha. Sitima zoyendera nthunzi sizingakhalitse kutali ndi kwawo popanda doko lotengerako malasha, madzi ndi chakudya. Ecuador ndi Bolivia zitagwirizana ndi Peru ndi Chile mu 1866, zinalibe sitima zoopsa zoti zithandize nazo, koma zinatseka madoko awo, moti gombe lalitali lonselo linasanduka lopanda pokocheza kwa adaniwo. Ngakhale Numancia, sitima yokutidwa ndi zitsulo imene Spain inkainyadira, sikanatha kulimbana ndi kuchepa kwa malasha komanso matenda amene anagwira amalinyero chifukwa chosowa zakudya zatsopano.

Zimene Casto Méndez Núñez, wolowa m'malo mwa Pareja, anachita pa 31 Malichi 1866 sindingazitche ungwazi. Iye anaphulitsa Valparaíso, doko lamalonda la Chile limene linalibe mizinga yodzitetezera, ndipo nyumba zosungiramo katundu zinapsa pamodzi ndi katundu wa amalonda a mayiko ena amene sankakhudzidwa ndi mkanganowo. Chile inalipira mtengo wowawa chifukwa choimira mnansi wake, pakuti sitima zake zamalonda zambiri zinawonongeka pa nkhondoyi.

Pa 2 Meyi 1866 sitima za Spain zinapita ku Callao, doko la Peru, kumene zinapeza mizinga ikudikira pa gombe. Nduna yoona za nkhondo ya Peru, José Gálvez, inafera pomwepo, Méndez Núñez anavulazidwa, ndipo mbali zonse ziwiri zinalengeza kuti zapambana. Kwa ine mkangano umenewo ndi wosavuta kuweruza, chifukwa patangopita masiku ochepa sitima za Spain zinachoka m'nyanja za kumeneko zopanda zilumba za Chincha ndiponso zopanda kupepesa kumene zinkafuna kwa Chile. Pangano losiya kumenyana linasainidwa ku Washington mu 1871, ndipo Spain inavomereza ufulu wa Peru mu 1879.