Biannual ndi biennial zikuyambanitsa anthu m'magulu

Inu amene mumalemba malamulo a magulu mchizungu, kaya ndi banki m'khonde, komiti ya kumpingo kapena gulu losonkherana za maliro, chonde mau oti biannual asiyeni. Sikuti ndi olakwika ayi, amatanthauza kawiri pachaka, koma ali ndi mapasa ake oti biennial omwe amatanthauza kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse, nde taonani kusiyana kwake, pa zaka ziwiri zomwezo wina wasonkha kanayi pomwe mnzake wasonkha kamodzi basi.

Onse awiri gwero lake ndi Chilatini, bi ndi ziwiri, annus ndi chaka, vuto ndi loti bi ameneyu sanena ngati tikudula chakacho pakati kapena tikuwerenga zaka ziwiri. Eni chiyankhulocho nawonso amasokonezeka, mpaka dikishonale ya Merriam-Webster inaika matanthauzo onse awiri pansi pa biannual. Ku UK amasintha mawotchi kawiri pachaka, Lamulungu lomaliza la March ndi la October, imeneyo nde biannual. AFCON ija, mpikisano wa mpira wa mayiko a mu Africa, inaseweredwa 2013, 2015, 2017, 2019, imeneyo ndi biennial. Pakamwa munthu akamayankhula mothamanga simungasiyanitse nkomwe.

Pagulu lathu lina la WhatsApp la anthu akumudzi kumodzi malamulo analemba kuti chopereka ndi biannual. Itakwana July asungichuma anayamba kutumiza mayina a amene sanapereke gawo lachiwiri, pamndandandapo panali mayi wina wachikulire yemwe anapereka January ali ndi mtima woti wamaliza mpaka zaka ziwiri, poti mwana wawo anawamasulira choncho. Anangolemba kuti "Ine sindinabepo ndalama ya munthu" nkutuluka pagulupo. Zinandipweteka kwambiri chifukwa mayi amene aja pamaliro aliwonse amakhala oyamba kufika ndi nkhuni pamutu, nde achititsidwe manyazi chifukwa cha liwu limodzi lachizungu lomwe wolembayo amangofuna kuti chikalata chioneke chapamwamba?

Ena amati tingolemba semi-annual, chabwino amenewo samasokoneza, koma agogo kumudzi awamva bwanji? Ngati mukufunabe chizungu lembani twice a year kenako mutchule miyezi yake, January ndi July. Koma gulu la anthu oti tonse timayankhula Chichewa, tilembe kuti kawiri pachaka, kapena kamodzi pa zaka ziwiri, ndipo pamsonkhano mlembi awerenge mokweza aliyense asanasainire.