Inu ogula mbewu, sikelo yanuyo Mulungu akuiona

Ana anga a kuno kum'mawa, wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye mundimvere ngakhale mawu ake awawe. Ndikunena ndi inu amene Meyi akangolowa mumapachika sikelo pamtengo m'mbali mwa msewu, kuchokera ku Mwami kudutsa m'Chipata mpaka ku Katete, ku Sinda ndi ku Petauke, ena njira ya ku Chadiza, ena ya ku Lundazi, n'kumagula soya, nshawa, mpendadzuwa ndi chimanga. Kugula mbewu si tchimo ayi. A FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chimanga, sayamba kugula mpaka chimanga chiume, chinyezi chitsike kufika pa 12.5 peresenti, pomwe mlimi ndalama akuifuna lero, kunyumba kuli wodwala, ngongole ya feteleza ikumudikira. Mukadangogula mwachilungamo, bwenzi tikukuthokozani. Koma zimene mumachita pansi pa mtengopo tikuzidziwa.

Muvi wa sikelo mumaubweza kumbuyo usanayambe n'komwe ntchito. Thumba likapachikidwa, mnyamata wanu amaima moyandikira ngati akuthandiza kuti lisagwedezeke, chonsecho bondo lake lalowa pansi, likunyamulako. Inu muwerenga mofulumira, "47," thumba latsitsidwa kale, mayi wa eni asanayang'ane n'komwe. Kenako muchotsanso kilo imodzi, akuti ndi ya saka. Saka yanji yolemera kilo? Mayiyo wachoka kwawo tambala woyamba, wabwereka ngolo ya mlamu wake, ng'ombe zatopa, sangabwerere nawo katundu. Amangoti "chabwino bambo," kumanga ndalama pansonga ya chitenje, n'kumapita. Enanu muli ndi meda ziwiri. Yogulira munaiwotcha n'kuifutukula kuti ikule mimba, yogulitsira munaiphwanyira pansi mkati. Tawerengani nokha: makilo awiri pathumba lililonse, matumba 100, ndiye makilo 200, matumba anayi athunthu amene simunalime, simunapalire, simunagule. Dzina lake ndi kuba. Musalitchule kuti nzeru za bizinesi.

Chimene chandiwawa kwenikweni n'chakuti Lamulungu ndinu omwewo, jekete yositidwa bwino, benchi lakutsogolo, envulopu ya chakhumi yonenepa. Nthawi ya zamasika mubweretsa matumba awiri pa njinga yamoto, mpingo wonse uwomba m'manja, amayi a chigwirizano alulutira, ndipo pakati pa olulutawo pali mayi uja. Chimanga chimene chaikidwa kutsogoloko ndi chake, iye sakudziwa.

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa Mulungu. Amosi anali woweta nkhosa wa ku Tekowa, munthu wakumudzi ngati ife, ndipo anatumidwa ku Israeli m'masiku a mfumu Yerobowamu mwana wa Yowasi, nthawi imene malonda ankayenda bwino, nyumba zopembedzera zikudzaza. Tawerengani chaputala 8. Amalonda a nthawiyo ankakhala m'mapemphero mtima uli dyokodyoko, kudikira kuti Sabata lithe liti atsegule malonda, achepetse muyeso, akweze mtengo, anamize anthu ndi sikelo, agulitse ngakhale mungu wosesedwa pansi, agule waumphawi ndi mtengo wa nsapato. Yehova analumbira kuti sadzaiwala ntchito zawo ngakhale imodzi. Pa chaputala 5 akunena poyera kuti maphwando awo achipembedzo akudana nawo, nsembe zawo sazilandira, phokoso la nyimbo zawo alichotse pamaso pake, chimene akufuna n'chakuti chilungamo chiyende ngati madzi. Wansembe wa ku Beteli, Amaziya, anamuuza Amosi kuti abwerere kwawo ku Yuda akalalikire kumeneko. Koma mawu a Amosi sanagwe pansi: patapita zaka zosakwana makumi asanu Samariya anagwa m'manja mwa Asuri. Mose anali atanena kale pa Deuteronomo 25 kuti m'thumba mwako musapezeke miyala iwiri yoyesera, waukulu ndi waung'ono. Meda zanu ziwiri zija zinalembedwa kalekale.

Timanyadira kuti uthenga unafika ku Magwero mu 1899, kuti pa 29 Disembala 1991 a Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, kuti kuyambira 2015 tsiku la 18 Okutobala timapuma n'kumapemphera, kusala kudya ndi kulapa. Zonsezo n'zabwino. Koma kulapa kwanji kumene pa 19 Okutobala sikelo ikadali yomweyo? Chaka cha 2024 chinatiyesa tonse. Mvula inadula, pa 29 Febuluwale boma linalengeza kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse. Kodi mitima inafewa? Ena ndi pomwe anaona mwayi. Kaloba anafika mpaka kuminda: mu Januwale, nkhokwe zili mbee, mupatsa munthu ndalama ya thumba limodzi la ufa, n'kumulembetsa kuti pokolola adzabweze matumba atatu a soya. Iye asayina chifukwa ana agona ndi njala. Za inu olanda katundu wa amayi amasiye maliro asanathe n'komwe ndidzanena tsiku lina, musaganize kuti ndakuiwalani.

Nanunso alimi musaseke. Ndani amathira mchenga ndi timiyala pakati pa thumba la soya, pamwamba n'kuika yosankha bwino? Ndani amanyika nshawa m'madzi kuti zisendeke msanga ndiponso zilemere? Mukuti mukubwezera wogula wakuba. Wogulayo sadya nshawa zimenezo. Zimachita chuku m'thumba, chukucho chili ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo zimakathera m'phala la mwana wa mnzanu amene wagula pa msika wa Kapata. Mwamubwezera ndani pamenepo?

Tsono kulapa n'chiyani? Ambirife tinazolowera kuti ndi kukweza dzanja pa chitsitsimutso, kupita kutsogolo, kugwetsa misozi, abusa n'kutisanjika manja. Misozi ndi yabwino, koma Zakeyu wa ku Yeriko sitimukumbuka chifukwa cha misozi. Anali mkulu wa okhometsa msonkho, wolemera ndi ndalama za anzake. Yesu ndiye anayamba, anamuitana ndi dzina ali mumtengo, nalowa m'nyumba mwake anthu akung'ung'udza. Zakeyu sanagule chipulumutso, palibe angachigule, mtengo wake unalipidwa pamtanda. Koma chisomo chitalowa m'nyumba, chinatsegula ndi bokosi la ndalama lomwe. Anaimirira n'kunena kuti theka la chuma chake apereka kwa osauka, ndipo aliyense amene anamulanda kanthu amubwezera kanayi. Pa Levitiko 6 lamulo linali lakuti wonyenga mnzake abweze chonse, awonjezepo gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo akatero ndiye abwere ndi nsembe yake. Yesu mwini pa Mateyu 5 akuti ukafika ndi mphatso paguwa n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, isiye pomwepo, pita ukayambe wakonza. Kubweza kumayamba, envulopu pambuyo.

Mudzati, "Agogo, anthu ake ndi ambiri, ndingawakumbuke bwanji?" Musandinamize. Kabuku kaja mumalembamo dzina, mudzi ndi makilo muli nako, ndipo amene ali ndi ngongole yanu simumuiwala ngakhale asamukire ku Mchinji. Midzi imene munagulako mukuidziwa. Pitani kwa anyakwawa, mukhale pansi, munene zimene munachita, anthu aitanidwe. Manyazi alipo, inde, koma ndi a tsiku limodzi, ndipo ndi opepuka kuyerekeza ndi kukaima pamaso pa Woweruza amene salandira chiphuphu. Sikeloyo ipititseni kwa a Zambia Metrology Agency akaiyese, kapena muitaye mugule ina. Meda yachiwiriyo iphwanyeni ana anu akuona, poti ndi iwo amene mwakhala mukuwaphunzitsa kuika bondo pansi pa thumba.

Abusa ndi akulu a mpingo, anzanga, ifenso tili ndi mlandu ngati tikudziwa kumene matumba aja achokera koma tikhala chete chifukwa tikufuna malata a tchalitchi. Muitaneni munthuyo panokha, mwaulemu, mumufunse za sikelo yake musanamufunse za chopereka chake.

Ndipo musadikire nyengo yogula ikubwerayo kuti mudzayambe bwino. Bwezani mvula ya Novembala isanagwe, pamene ndalamayo ingathandize mwini wake kugula mbewu yobzala ndi thumba la feteleza.