Chenjezo kwa a ku Salima: lekani kunamizira dzuwa

Ana inu, Okutobala ndi Novembala akafika kuno kunyanja, mitima imapsa msanga. Kumjigo madzi achepa, mzere watalika, chimanga chakwera mtengo, usiku tulo sitibwera chifukwa cha chitungu. Kuti kutentha kumawonjezera ndewu n'zoona. Mu 2013 akatswiri atatu, Hsiang, Burke ndi Miguel, anaunika kafukufuku 60 wa m'madera osiyanasiyana a dziko lapansi napeza kuti nyengo ikatentha kapena mvula ikasokonekera kuposa mwa masiku onse, nkhanza za munthu kwa mnzake zimakwera ndi 4 peresenti, mikangano ya magulu ndi 14 peresenti.

Koma musabisale m'mawu amenewo. Singapore kumatentha chaka chonse, koma kuphana n'kosowa. South Africa sikutentha choncho, komabe mu 2023 anthu oposa 40 pa 100,000 alionse anaphedwa, ndipo n'komwe olemera ndi osauka atalikirana kwambiri. Mkwiyo umasankha. Umatsikira kwa amene sangabweze.

Taonani ku Senga Bay. Usipa ukavuta, mwini chilimira (khoka la usipa) amakalipira alovi (asodzi ake aganyu), mlovi osayankha poopa ganyu mawa. Amapita kukachasu, kenako mbama imakagwera mkazi kunyumba. Mvula ikadula, anyamata amathamangira kwa agogo, ati amanga mvula. Bwanji simupita ndi zibonga kwa wachuma wa pamsika? Ku Meatu, ku Tanzania, Miguel yemweyo anapeza kuti zaka za chilala kapena madzi osefukira, kupha amayi okalamba powanamizira ufiti kumawirikiza kawiri. Kuno kwathu lamulo la 1911 likadalipo: kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Eni zida, gwirizanani za gawo la aliyense boti lisananyamuke, pali mboni, mutachotseratu ndalama za mafuta. Kuwerengera ndalama pamchenga dzuwa likuswa mtengo, anthu atachezera panyanja ndiponso atalawa kale, n'kuitana mpeni. Amwe madzi, adye, mukambirane pamthunzi.

A komiti ya mjigo, mzere ukhale wa yemwe wafika, ndowa ziwiri aliyense. Mkazi wa mfumu akadumpha, ena onse adumphanso.

Inunso mafumu ndi ankhoswe, mayi akabwera ndi diso lotupa musamuuze kuti banja n'kupirira. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja linakhazikitsidwa mu 2006. Mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo mabala akadaoneka, ndi ku Victim Support Unit ya polisi. Ngati wovulala ndi mwana, imbani 116, n'kwaulere.