Musamangoona chaka chobadwa, funsani za kumtundu

Ndakwiya ndipo sindibisa. Lachiwiri ndinaperekeza mng'ono wanga kuchipatala china mtauni muno kuti akamuyeze mawere, ali ndi zaka 33. Amayi athu anatisiya ndi khansa ya m'mawere ali ndi zaka 42, mayi aang'ono nawonso anadulidwa bere asanafike 45, ndiye mwanayu sanapite kokasewera ayi, wakhala akulephera kugona ndi nkhaniyi. Takhala pa benchi kuyambira 7 koloko, tafika kutsogolo cha m'ma 11, anesi atsegula kabuku aona chaka chobadwa basi, akuti "inu ndinu mwana, zimenezo ndi za azimayi akuluakulu, pali chotupa?" Iye akuti ayi. "Ndiye mudzabwere mukakwana 40." Kabuku m'manja, wotsatira! Funso loti kwanu alipo anadwalapo matendawa silinatuluke olo pang'ono. Ine ndayamba kunena za amayi akuti mayi mukuchedwetsa mzere. Mng'ono wanga sanayankhule njira yonse mu minibasi, anangopinda kabuku kaja n'kukafinya m'manja mpaka kunyumba.

40 yake iti? Amayi athu pofika 40 anali atayamba kale kudwala, bere litauma ngati mwala. Mukumuuza mwana wawo adikire chaka chomwecho chimene mayi ake anali atachedwa kale?

Azimayi sitili ofanana pa nkhani imeneyi, ndipo zaka zokha sizingakhale muyeso. Wina kwawo palibe anadwalapo, wina waika mayi ake ndi azakhali ake ndi nthenda yomweyo, awiriwa simungawapatse yankho limodzi chifukwa choti anabadwa chaka chimodzi. Manambala a zaka zoyambira kuyezetsa mawere amene timangowatola aja, 40 ya ku America imene anakhazikitsa mu 2024, 50 ya ku Britain, ndi a mzimayi amene alibe chiopsezo chapadera. Komweko wobadwa ndi vuto la BRCA1 kapena BRCA2, lija limayenda m'magazi a kumtundu, samudikiritsa, amayamba kumuunika ndi makina ojambula m'kati mwa thupi otchedwa MRI akadali cha m'ma 30 mwinanso asanafike. Angelina Jolie, katswiri wa mafilimu wa ku America, mu 2013 anachotsetsa mawere onse awiri ali ndi zaka 37 asanadwale n'komwe, chifukwa anamupeza ndi BRCA1 ndipo mayi ake anafa ndi khansa ali ndi 56. Sindikuti tonse tikadulitse ayi, ndikuti kumeneko anayamba ndi kufunsa kuti kwanu zili bwanji. Ndipo vuto la BRCA limeneli limatha kubwera kudzera kwa bambo, azakhali akuchimuna nawonso amawerengedwa, anthu ambiri sadziwa.

Ndikudziwa manesi ndi ochepa, mzere ndi wautali, makina a mammogram ojambulira mawere ndi osowa kuno kwathu. Koma funso silifuna magetsi. Funso silifuna forex. Mphindi imodzi yokha, kwanu alipo anadwalapo, anali ndi zaka zingati, mbali ya mayi kapena ya bambo, kenako mumugoneke pa bedi mumupime ndi manja, mumuonetse mmene angamadzipimire yekha, mulembe mu kabuku kuti uyu azibwera pafupipafupi, ngati pali chokayikitsa mumutumize ku sikani. Zimenezo zinakanika? Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma apa amene sanafunse ndi wina, wodya phulayo akhala mng'ono wanga. N'chifukwa chake azimayi athu amafika ku Central chotupa chitaphulika kale, fungo lili m'wodi monse, kenako timvekere amachedwa kubwera. Ena anabwera msanga munawabweza!

Ndipo inunso a kumudzi mundimve. Ife tinakula tikuuzidwa kuti amayi anawalodza, mpaka ndili ndi zaka 25 ndi pamene mayi aang'ono anandikokera kuseri n'kundiuza zoona. Agogo aakazi mpaka lero sitikudziwa chinawatenga, amangoti anatupa m'khwapa. Mukabisa dzina la matenda mukuganiza mukuteteza ndani? Mwana wamkazi akapita kuchipatala akayankha chiyani atafunsidwa? Lolemba tikupita kwina, ndalemba kale mayina ndi zaka za onse papepala, ndikaika patebulo asanatsegule kabuku.