Ejenti wa "ingosainani apa" asiye ntchitoyi

Nkhani iyi yandipsetsa mtima zedi. Mayi wamasiye wamanidwa ndalama za inshuwalansi ya moyo ya amuna ake chifukwa pafomu, pafunso la matenda a shuga, panachongedwa kuti "ayi". Anachonga ndi ejenti wogulitsa inshuwalansiyo. Malemuwo anangouzidwa kuti "ingosainani apa, zinazi ndimaliza ine." Ndalama ankadulidwa mwezi ndi mwezi, lero banja latsala manja lende.

Anthu amati wogulitsa inshuwalansi azikhala wochenjera pakamwa, wovala bwino, wosachita manyazi. Zimenezo n'zapambuyo. Khalidwe loyamba ndi kunena zoona, ngakhale zoonazo zithawitse kasitomala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere!

Ejenti weniweni amawerenga funso lililonse mokweza, kasitomala n'kuyankha yekha: zaka zobadwa, BP, shuga, kusuta fodya, ntchito imene amagwira. Munthu akaulula matenda, kampani ingakweze premium, ndalama imene kasitomala amalipira, kapena kumutumiza kwa dokotala, koma tsiku la claim, lokapempha chipukutamisozi, imalipira. Akabisa, kampani ili ndi danga lokana. Ejenti weniweni amanenanso zimene policy, pangano la inshuwalansilo, siilipira, osadikira kufunsidwa. Inshuwalansi zambiri za maliro zimakhala ndi miyezi yodikira, kawirikawiri 6, ndipo munthu akamwalira ndi matenda nthawiyo isanakwane, palibe cholandira. Mukadumphitsa kulipira, pamakhala masiku okudikirani, nthawi zambiri 30, akatha policy yafa. Pa galimoto pali excess, gawo limene mwini wake amalipira yekha pangozi iliyonse. Nyumba mukaitchulira theka la mtengo wake kuti premium ichepe, moto ukawononga chipinda chimodzi adzakupatsaninso theka la zowonongekazo. Ejenti amene sananene izi sanagulitse inshuwalansi, wagulitsa pepala.

Ndipo kunena zoonaku si lamulo la dzulo. Cha m'ma 1688 ku London, eni zombo ankakumana m'nyumba yomwera khofi ya Edward Lloyd. Palembedwe dzina la chombo, katundu ndi kumene chikupita, wovomera kudzalipira chikamira alembe dzina lake m'munsi ndi ndalama imene wavomera. Iye chombocho sanachione, ankadalira mawu a mnzake basi. Mu 1762 kampani ya inshuwalansi ya moyo ya Equitable inayamba kuwerengera premium potengera zaka za munthu, ndiye mukanama zakazo masamu onse apotoka. Mu 1766, pamlandu wa inshuwalansi wa Carter ndi Boehm, woweruza Lord Mansfield ananena kuti mbali zonse ziwiri siziyenera kubisirana zimene zikudziwa. Zonse ziwiri, osati kasitomala yekha. Ntchitoyi inabadwira pa kukhulupirirana, ndiye iwe ejenti ndiwe ndani woti uzichonga mabodza m'malo mwa munthu?

Inde, komishoni ndi ma target zimapanikiza. Koma policy yogulitsidwa mwabodza imafa msanga, ndipo ikafa m'miyezi yoyambirira makampani ambiri amalanda komishoni ija. Wanamiza munthu, ndalama wabweza, dzina waipitsa.

China chonyansa ndi kusowa kwanu ma ejenti. Tsiku losainitsa mumayimba foni kasanu, tsiku la maliro foni siyankhidwa. Wamasiye azifunsa yekha kuti chikalata cha imfa achipereke kwa ndani, fomu ya claim aitenge kuti, chiphaso cha malemu chifunika kapena ayi. Inuyo muli kuti nthawi imeneyo?