Dzina la amayi anga linasukuluka ndi mvula ya pa Nyamapanda

Dzulo madzulo munthu uja wandibuloka pa foni. Ndinamulembera mwaulemu wonse, ndinamutumizira chithunzi cha chikwama, ndinamufotokozera kuti ma marker amene anandigulitsa sanali a permanent monga analembera, ndipo katundu wanga wasokonekera chifukwa cha iwo. Anayankha mawu ochepa m'Chingerezi, akuti anthu inu mumafuna zaulere, ngati sizikukusangalatsa bwerera kwanu. Ndisanamalize kulemba yankho, chithunzi chake chinali chitachoka kale. Ndagona nawo mawu amenewo, ndadzuka nawo, ndapita nawo kokatchetcha kapinga ku Randburg, ndipo ndabwera nawo kuno kuchipinda.

Inu amene muli kuno ku Joni mukudziwa kale ntchito ya marker kwa ife. Zikwama zathu zija zamizeremizere n'zofanana zonse. Zikasanjidwa pa trailer pamodzi ndi zinzake, chako umachidziwa ndi zimene walembapo basi: dzina la wolandira, nambala ya foni, ndi kotsikira, kaya ndi Wenela, Limbe, Lunzu kapena Mangochi. Thukuta la miyezi isanu ndi umodzi limadalira zilembo zimenezo.

Mu Novembala, sabata ija masitolo amatsitsa mitengo, ndinkafufuza pa intaneti usiku, data ikutha, kufananitsa mtengo uku ndi uku. Marker yeniyeni imodzi, ngati Artline kapena Sharpie, pa sitolo imene ndimadutsa inali cha m'ma R30. Boma la kuno linati kuyambira Marichi 2025 malipiro otsikitsitsa akhale R28.79 pa ola, ndipo ambirife ngakhale ameneyo satikwanira. Ndiye marker imodzi ndi ola lathunthu uli chowerama padzuwa. Kenako ndinaona munthu akutsatsa ma marker 24 ndi zolembera 50 pa R99, atalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti permanent, osachoka ndi madzi. Ndinaganiza za mwana wa achemwali anga amene chaka chino alemba MSCE, ndinaganiza za anzanga a pa yadi amene onse ankalongedza katundu wa Disembala, ndipo ndinagula.

Kugulako sikunali kophweka. Khadi la ku banki ndilibe, chifukwa banki imafuna pemiti. Ndinapempha mnzanga wa kuntchito kuti alipire ndi lake, iye n'kudulapo R20 ya vuto lake. Pa fomu ankafuna nambala ya ID ya manambala 13, ya pasipoti inkakanidwa, tinaika yake. Wobweretsa katundu anati ku Diepsloot kumene ndimakhala salowa, palibe nambala ya nyumba. Ndinapereka adiresi ya kuntchito. Phukusi litafika, abwana aakazi analitsegula ine ndisanalione, n'kundifunsa pamaso pa ana awo kuti ndayamba liti kusandutsa nyumba yawo positi ofesi. Zaka zinayi ndikuwasamalira maluwa, ndikusambitsa agalu awo, makiyi a geti ndili nawo, koma kaphukusi kamodzi kanawapangitsa kundiyang'ana ngati wakuba. Ndinapepesa. Timapepesa tsiku lililonse kuno, kwa kondakitala wa takisi amene wamva kuti Chizulu chako n'chopotoka, kwa lendilodi amene wakweza lendi osakuuza, kwa wapolisi amene wakuimitsa mumsewu wa Bree chifukwa cha khungu lako lokha.

Koma zonsezo ndikanazipirira. Chimene chikundiwawa ndi amayi anga ataima pa Wenela.

Amayi ali ndi zaka 68, mawondo awo ndi otupa. Anadzuka kusanache kumudzi, ku Namitambo, anakwera minibasi mpaka ku Limbe, n'kukweranso ina kulowa m'tauni. Sadziwa kuwerenga, choncho anatenga mdzukulu wawo kuti akawawerengere dzina. Ine ndinali nditalemba bwinobwino, mbali zonse zinayi za zikwama ziwiri, zilembo zazikulu ngati dzanja langa. Galimoto inadutsa Musina, Beitbridge, Harare, ndipo dalaivala akuti pa boda ya Nyamapanda anawatsitsitsa katundu yense mvula ikukhuthuka. Anapakiranso zikwama zonyowa, zikukhuzana njira yonse, pa Tete, pa Zobue, pa Mwanza. Zitafika ku Blantyre panalibe dzina. Panali mawanga akuda okhaokha, ngati munthu wapukutirapo dzanja la makala.

Mnyamata wotsitsa katundu anawauza kuti, "Agogo, tiwonetseni dzina lanu pa chikwama, tikupatsani." Amayi anayamba kutchula za m'kati: bulangete lofiira, mafuta ophikira, nsapato za sukulu, nsalu ziwiri. Mnyamatayo anati aliyense amatchula zomwezo, ndipo satsegula katundu wa anthu. Anakhala pansi pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mdzukulu akuzungulira zikwama kufunafuna chilembo ngakhale chimodzi. Anthu ankabwera, kutenga zawo, kumapita. Wina anawafunsa ngati mwana wawoyo anatumizadi kanthu. Funso limenelo landilasa kuposa zonse. Amayi anga, amene sananamepo kwa munthu, kuonedwa ngati gogo wobwera kudzatola za eni ake.

Ndakhala ndikufunsa, ndipo tsopano ndikumvetsa chimene chinachitika. Inki ya permanent imasungunulidwa mu sipiriti, ndipo muli utomoni womata. Ukalemba, sipiriti imauluka, utomoni n'kugwira utoto pa pulasitiki, n'chifukwa chake marker yeniyeni imanunkha mwamphamvu ukangovundukula. Ya pa bolodi loyera la m'kalasi amaikamo zoterera dala kuti izifufutika. Ndiye pali ina ya madzi, yonga ija ana amajambulira zithunzi. Zanga zinali zimenezi, sizinkanunkha n'komwe. Ndinaziyesa pa katoni, ndipo pa katoni chilichonse chimaoneka bwino chifukwa pepala limamwa inki. Chikwama chathu ndi cha pulasitiki yolukidwa, sichimwa kanthu. Ndikanangolemba pa chikwamacho, kudikira mphindi imodzi, n'kupaka ndi chala chonyowa, ndikanadziwa. Sindinatero. Mlandu umenewu ndi wanga ndipo ukundilemera.

Chondilemera china n'chakuti ndinagawira anzanga a pa yadi. Mayi wina wa ku Mangochi amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Fourways analembera katundu wake ndi marker yanga. Chikwama chake chinapezeka patatha sabata chifukwa anamangirira kansalu kobiriwira pa chogwirira. Sanandinene, amangondipatsa moni monga kale, koma ine ndimalephera kumuyang'ana m'maso.

Wotransipota naye ndinamuimbira kangapo konse. Potenga ndalama anali wansangala, achimwene achimwene, R1,400 ya zikwama ziwiri anawerengera pamaso panga. Lero akuti iye amanyamula katundu, kulemba dzina ndi ntchito ya mwini wake. Lisiti palibe, buku lolembamo palibe. Ndi Mmalawi mnzathu ameneyu, timapemphera naye limodzi. Timadandaula za eni dziko, koma ifenso tokhatokha timadyerana. Wosintha ndalama amakudula, wokupezera ganyu amafuna yake, wonyamula pasipoti kukadinditsa amasowa nayo mwezi. Ndipo akumudzi ena amaganiza kuti kuno rand timatola mumsewu. Msuweni wanga atamva kuti katundu wasowa, funso lake loyamba linali lakuti foni imene anapempha inali m'chikwama chiti. Za amayi amene anakhala tsiku lonse osadya sanafunse.

Wina wandiuza kuti lamulo la kuno limalola kubweza katundu wosagwira ntchito pasanathe miyezi 6, ndipo n'zoona. Nanga ndikadandaula kwa ndani, m'dzina la ndani? Khadi ndi la wina, ID ndi ya wina, adiresi ndi ya abwana. Pa kugula konseko dzina langa silikupezeka paliponse. Masiku 30 amene amatidindira polowa anatha kalekale. Wogulitsa uja anadziwa zimenezi atangomva kalembedwe kanga, n'chifukwa chake sanaope kunena kuti bwerera kwanu.

Chikwama chimodzi chinapezeka patatha masiku 9, china mpaka lero sichikudziwika kumene chinapita. Chimene chinapezekacho ndi chimene munali zolembera. Mwana wa achemwali anandiimbira mwaulemu, "Amalume, zikomo kwambiri, koma zambiri zikudukiza, zina sizikulemba n'komwe." Pa 50 anasankhapo 11. Chichokereni kugwa kwa kwacha kwa 44 peresenti mu Novembala 2023, kope ndi cholembera kumudzi zinasanduka nkhani yokambirana pabanja, ndipo ine ndinkafuna kuti mwanayu chaka chino asapemphe cholembera kwa mnzake m'kalasi. Bic imodzi yeniyeni ikanamutumikira kuposa mulu wonsewo.

Ndikabwerera kwa amayi pa Wenela paja, pali china chimene chimandiliza. Dzina la malowo linachokera ku WNLA, bungwe limene linkalemba anthu kupita ku migodi ya kuno. Agogo anga aamuna, bambo awo a amayi, anapita nalo, ndipo anabwerako ndege ija ya anthu a ku migodi isanagwe ku Francistown, ku Botswana, mu 1974, pamene Amalawi ambiri anafa ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu. Anabwera ndi bokosi lachitsulo, dzina lawo litalembedwa ndi penti yoyera pa chivundikiro. Bokosilo likadali kuchipinda kwa amayi, amasungiramo nsalu za ku tchalitchi, ndipo dzinalo likuwerengekabe chilembo chilichonse. Amayi sadziwa kuwerenga, koma dzina la bambo awo amalidziwa ndi maso, amaliloza ndi chala. Ine mdzukulu, wa foni ndi intaneti, ndinalephera kufikitsa dzina la mwana wawo ulendo wa masiku atatu.

Lero pochokera kuntchito ndalowa m'sitolo, ndagula marker ya penti imodzi, ija umayamba waigwedeza n'kumamva kachitsulo kakulira m'kati. Ndalemba pa chikwama chatsopano, ndathirapo madzi, ndapukuta ndi nsanza, dzina lili pomwepo. Ndalembanso pa pepala, ndalikulunga m'pulasitiki, ndaika m'kati pamwamba pa katundu. Ma marker otsala aja ndawataya m'bini ndekha kuti wina asawatole.

Usiku uno ndalankhula ndi amayi. Ndinayamba kupepesa za bulangete, iwo anandidula. Anati bulangete si kanthu, kuzizira kukadali kutali, chimene akufuna n'kuona nkhope yanga, chifukwa mwana wanga wamng'ono amandidziwa pa chithunzi chokha. Ndikudziwa chimene chidzachitike pa Beitbridge ndikadzatulutsa pasipoti. Wopitirira nthawi imene anamudindira ndi masiku oposa 30 amamuletsa kulowanso zaka zisanu, ndipo zaka zisanu zimenezo ndi fizi, ndi feteleza, ndi mankhwala a mawondo awo. Ndawauza zonsezi. Anangoti amva, koma ndibwere.

Ndawauza kuti pa Isitala. Chikwamachi ndidzakwera nacho ndekha, ndipo iwo asadzavutikenso kupita ku Wenela, adzandidikire pakhomo.