Tisiye kugula zimakina zodya magetsi

Ndakwiya abale anga, ndipo sindibisa. Dzulo pa ofesi ya kopaletivi yathu kuno ku Kasungu alimi akhala pamzere kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osalandira ndalama za soya wawo. Ati seva, kompyuta yaikulu yosunga kaundula wa alimi, yazima. Magetsi atangothima, mabatire a sola anangopirira pang'ono n'kufa, poti chimakina chomwe mabwana anagula chimadya magetsi ngati chigayo. Mafani ake amangolira usana ndi usiku, chipinda chili fuu kutentha, mpaka anachigulira chozizitsira chakechake. Ntchito yake? Kusunga maina a alimi ndi makilogalamu a soya, basi!

Mtengo weniweni wa makina ndi magetsi amene amadya. Wa pa lisiti uja ndi chiyambi chabe. Mudzalipira mwezi ndi mwezi, mudzalipira pa dizilo wa jenereta, mudzalipiranso pa mabatire ofa msanga. Makina osatha kuyenda pa sola kuno kwathu ndi katundu wongodzaza chipinda.

Eni ake a luso limeneli anazindikira kale. Amazon inayamba mu 2018 kuika m'maseva ake mapulosesa (ubongo wa kompyuta) otchedwa Graviton, opangidwa pa pulani ya ARM, mtundu womwewo uli mu Tecno kapena Itel yomwe mwagwirayo, wopangidwira kusamala batire. Mu 2020 kompyuta yothamanga kuposa zonse padziko, Fugaku ya ku Japan, inali ya ARM. Microsoft ndi Google nawonso apanga mapulosesa awo a ARM. Anthu oti magetsi sawavuta akuwerengera dontho lililonse. Ndiye ife, amene tinagona mumdima namondwe Ana atawononga Kapichira mu 2022, n'kumanyadira chimakina chosusuka? Kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi, kokwana m'dzanja, koyaka ndi magetsi ochepa ngati otchajira foni, kakanasunga kaundula yense uja popanda vuto.

Akuti mabwana anachikonda chimakina chija chifukwa ndi chachikulu, chikuoneka chapamwamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo inu obweretsa makompyuta otha ntchito kwanu n'kumati ndi thandizo, tatopa nanu. Mwajambulitsa zithunzi, tawomba m'manja, mwakwera galimoto mwapita. Bilu ya magetsi mwasiyira ndani? Agogo ena anachokera ku Chamama dzulo lija, thiransipoti yobwereka, abwerera chimanjamanja.